Kwadi ikamazima panjira: kulondola petulo kuchokera pachivundikiro cha thanki mpaka mu injini

M'maesiteti a tiyi ndi a makademiya ku Thyolo ndi ku Mulanje, njinga yamoto ya matayala anayi, imene ambiri amangoti kwadi, ndiyo imalowa kumene galimoto singafike: m'timisewu ta pakati pa minda, m'zitunda zoterera, kumadamu ndi kumalire a esiteti. Imagwira ntchito m'fumbi lofiira la chilimwe, m'matope a dzinja ndi mu nkhungu ya chiperoni, ndipo zitatu zonsezi zimapeza polowera mu petulo. Ndiye dandaulo limene amakaniko amamva kawirikawiri ndi lomwelomwelo: m'mawa imalira bwinobwino, ikangoyenda pang'ono imazima, ukaidikira imaliranso ngati palibe chachitika.

Ambiri akamva zimenezi amathamangira kumasula kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini. Nthawi zina vuto amalipezadi mmenemo, koma nthawi zambiri amangotaya theka la tsiku, n'kuwononga timasikuluwu ndi timalabala, chikhalirecho vuto lili pachivundikiro cha thanki. Kabuleta ili kumathero a ulendo wa petulo. Asanafike kumeneko, petulo amadutsa pa kasefa ka m'thanki, pa tapu, m'payipi, pa sefa ya pakati, ndipo pa makwadi ena amadutsanso pa pampu. Kufufuza kumayambira kumwamba n'kumatsika, ndipo kumachitikira pomwe kwadi yazimira, isanazizire. Ikakhala mphindi 20 umboni umakhala utafufutika: kambale ka kabuleta kadzazanso, mpweya walowanso m'thanki, koyilo yazizira. Kwadi yotere ikafika kugalaji imalira ndi sitata imodzi, woyendetsa n'kuoneka wabodza.

Kodi ndi petulodi?

Koyilo yopanga sipaki, kapena siteta (chopanga magetsi cha mu injini, osati sitata yolizira), imene yayamba kufa imanamiza anthu ambiri, chifukwa nayo imasiya ntchito ikatentha n'kuyambiranso ikazizira. Khutu limathandiza kusiyanitsa. Magetsi akaduka, injini imazima kamodzin'kamodzi ngati munthu wazimitsa pa kiyi. Ikamafa ndi njala ya petulo imayamba yafooka, kukhosomola, mwina kulira mokwera pang'ono, kenako zii.

Koma musadalire khutu lokha. Yendani ndi sipanala ya pulagi ndi pulagi ina yabwino. Ikangozima, zulani kapu ya pulagi, ikanimo pulagi yapaderayo, igunditseni pachitsulo cha injini kutali ndi ponyowa petulo, n'kuliza sitata. Sipaki yabuluu, yothetheka mwamphamvu, ikusonyeza kuti magetsi ali bwino. Ngati sipaki palibe, za petulo zisiyeni kaye.

Kenako masulani pulagi ya mu injinimo muione kumaso. Youma ndi yotuwa ngati phulusa, petulo akuchepa. Yakuda ndi mwaye kapena yonyowa, petulo akuchuluka. Ya mtundu wa tiyi wamkaka, zinthu zinali bwino mpaka posachedwapa. Ngati ili youma, thirani theka la supuni yaing'ono ya petulo woyera m'bowo la pulagi, bwezerani pulagi, lizani. Ikalira masekondi awiri kapena atatu n'kuzimanso, ndiye kuti sipaki ndi kompuresheni zilipo, chimene chikusowa ndi petulo. Zonsezi zichitikire panja, popanda wosuta fodya pafupi, ndipo petulo asadonthere pa ekisozi yotentha.

Pali kuyesa kumodzi kumene kumagawa ntchito pakati. Injini ikangozima, tsekani tapu nthawi yomweyo kuti kambale ka pansi pa kabuleta kasadzazenso. Pansi pa kambaleko pali kasikuluwu kotulutsira petulo, ndi kapayipi kake. Lozetsani kapayipiko m'botolo lagalasi loyera, masulani kasikuluwu. Kakatuluka petulo wochepa, madontho chabe, ndiye kuti petulo sakufika pa kabuleta ndipo vuto lili kumtunda. Kakatuluka wokwanira bwino, vuto lili mkati mwa kabuleta kapena mu petulo mwenimwenimo. Botololo musataye, tilifunanso.

Chivundikiro, tapu ndi mapayipi

Petulo akamatsika m'thanki, malo ake ayenera kulowa mpweya. Umalowera pa kabowo ka pachivundikiro, kamene pa makwadi ambiri kali ndi kapayipi kopita cha kuchiwongolero. Kabowoko kakatsekeka, thanki imakhala ngati botolo lozondotsa limene mwalitseka kumbuyo: petulo amatsika mwaulesi, kenako n'kuleka. Chizindikiro chake n'chodziwika. Kwadi imayenda mphindi 5 mpaka 15, imazima, ikapuma imaliranso, ndipo thanki ikakhala yodzaza kwambiri m'pamene imazima msanga, popeza mpweya wotsala pamwamba ndi wochepa. Masulani chivundikiro itangozima. Mukamva psii, mpweya ukulowa, mwalipeza. Yendetsani chivundikiro chili chomasula pang'ono kuti mutsimikize. Chimatseka kabowoko ndi fumbi losakanikirana ndi chinyezi, kapayipi kopindika pokhotetsa chiwongolero, ndi mavu omanga ndi dothi aja, amene amakonda timapayipi ta makina oimikidwa m'shedi.

Ngati chivundikiro chili bwino, yesani kutsika kwa petulo. Zulani payipi pomwe ikulowera mu kabuleta, ilozetseni m'botolo la Fanta lagalasi la 300 ml, tsegulani tapu pa ON. Injini ya 400cc kapena 500cc ikamakoka ndi mphamvu zake zonse imatha kumwa pafupifupi 150 ml pa mphindi, choncho payipi imene singadzaze botololo m'mphindi imodzi ndi theka ilibe chotsalira cha pachitunda. Musangoona masekondi asanu oyamba. Sefa yotsekeka imayamba yatulutsa bwino, kenako zinyalala zimaunjikana, petulo wotulukayo n'kumachepa mpaka kudontheza. N'chifukwa chake kwadi yotere imayenda bwino pachidikha koma ikamakwera chitunda chachitali imafa pakati.

Bwerezani tapu ili pa RES, potsegulira petulo wotsala pansi pa thanki. Mkati mwa thanki tapu ili ndi timapayipi tiwiri, kakatali ka ON ndi kakafupi ka RES, konse ndi kasefa kake. Ngati RES ikutulutsa bwino koma ON ikudontheza, kasefa kakatali ndiko katsekeka. Ngati kwadi imazima mukangotembenuzira pa RES, ndiye kuti pansi pa thanki pali madzi kapena matope.

Makwadi ena, monga ena a Suzuki, ali ndi tapu imene imatseguka yokha ndi mpweya woyamwidwa ndi injini. Mudzaizindikira poona kuti ili ndi mapayipi awiri ndi malo olembedwa PRI. Tapu imeneyi situlutsa petulo pa ON injini ili chozima, ndiye musaiweruze msanga kuti yafa. Ikani pa PRI, pomwe petulo amatsika osadikira injini. Kwadi ikamayenda bwino pa PRI koma n'kumazima pa ON, kapayipi ka mpweya kang'ambika kapena dayafulamu, kalabala kopyapyala ka mkati mwa tapu, yauma. Zulani kapayipi kakang'onoko muone mkati: mukapezamo petulo, dayafulamu yabooka ndipo injini ikuyamwa petulo wosadutsa mu kabuleta. Musaisiye pa PRI usiku wonse, chifukwa pamenepo petulo amangotsika osaleka.

Pamene thanki ili motsika kuposa kabuleta, monga pa makwadi ena a Polaris, pamakhala kapampu kopanda magetsi, koyendera kupuma kwa injini kudzera m'payipi yachitatu. Zulani payipi yotulukira n'kuliza sitata: petulo azituluka mothovokathovoka mwamphamvu. Akamangodontha, onani payipi yachitatuyo ngati ili ndi mng'alu, kapena ngati muli oyilo kapena petulo. Kapampu kofooka kamadziwika pokwera ndiponso thanki ikatsika kufika pakota.

Mapayipi enieniwo musawakhulupirire poona kunja. Labala wakale amafufuma mkati kapena kunyenyeka, ndipo tizidutswa takuda tonga tsabola timene mumatipeza m'kambale ka kabuleta nthawi zambiri si dothi ayi, ndi payipi imene ikudyeka. Kasefa kapulasitiki koonekera mkati, ka njinga za kabaza, n'kotchipa ndipo kamagwira bwino pa kwadi ya kabuleta, bola muvi wake uloze ku kabuleta ndipo kasagone pafupi ndi mutu wa injini, pomwe petulo angawire n'kupanga thovu lotseka njira.

Madzi

Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, woyamba kumukayikira ndi madzi. Tengani botolo lija la petulo wa m'kambale, liimikeni mphindi zisanu, muliyang'ane moloza kuwala. Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho amakhala pansi, mwina ngati timikanda toyendayenda, mwina ngati mzere woonekeratu. Petulo wa mbuu, wooneka ngati madzi otsukira mpunga, nayenso ali ndi madzi ngakhale asanalekane.

Jeti yaikulu ya kabuleta, kachitsulo ka kabowo koyeza petulo wopita mu injini, imayamwa pansi penipeni pa kambale, pomwe madzi amakhala. Dontho limodzi lokha limakwana kutseka kabowo ka jeti, popeza madzi salowa msanga m'kabowo kakang'ono ngati mmene petulo amachitira. Ndiye kwadi imalira bwino paidulo, ikungolira yokha osaipatsa moto, koma mukaipatsa moto imatsamwa ndi kuphulika ku ekisozi. Ina imangovuta pamabampu kapena potsetsereka, madzi akagwedezeka n'kufika pa jeti. Woyendetsa amati imachita mwa apo ndi apo ngati yolodzedwa, koma ndi madzi akusuntha.

Amalowa bwanji? Njira yoyamba ndi thanki yosadzaza. Usana mpweya wa m'thanki umafunda n'kutuluka, usiku thanki ikazizira imakoka mpweya wakunja, umene m'miyezi ya chiperoni, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, umakhala wodzaza chinyezi. Chinyezicho chimasanduka mame m'makoma a thanki n'kutsikira pansi. Usiku umodzi si kanthu, koma kwadi yoima milungu itatu ndi thanki ya theka imasonkhanitsa okwanira kuvutitsa. Njira zina ndi labala wa chivundikiro wong'ambika pamvula, kutsuka ndi payipi yamphamvu molunjika pachivundikiro, ndi kuwoloka timitsinje todzaza, pamene timapayipi topumira ta kabuleta tolendewera pansi timamira. Timapayipi timeneti tikangomira kapena kumatidwa ndi matope, kambale kamalephera kupuma ndipo injini imazima ngakhale madzi asanalowe.

Pali ndi nkhani ya ethanol. Petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku molasesi wa nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo kusakaniza kumeneku kunayamba mu 1982. Ethanol amayamwa madzi. Akakhala ochepa zimathandiza, chifukwa amapsera limodzi ndi petulo osadziwika. Koma pali malire. Petulo wokhala ndi magawo 10 pa 100 a ethanol amasunga madzi okwana pafupifupi supuni yaing'ono imodzi pa lita, ndipo kukazizira amasunga ochepa kuposa pamenepo. Malire akapyola, madzi amakoka ethanol n'kutsika naye pansi pa thanki, n'kupanga mzere umene injini singauwotche. Petulo wotsala pamwamba nayenso amakhala wafooka. N'chifukwa chake kwadi imene inali bwino madzulo imatha kukana m'mawa wozizira, munthu asanaikhudze. Petulo akalekana chonchi, kukhutchumula thanki sikubweza kanthu. Khuthulani yense, pukutani thanki iume, tsukani kasefa, thirani watsopano.

Mafuta akasowa pamalo omwetsera, ambiri amagula wa m'zigubu, ndipo m'maesiteti ndi m'minda petulo amasungidwa m'madiramu. Zigubu zambiri za malita 20 zinali za mafuta ophikira kapena zotungira madzi, ndipo diramu loima panja limasunga madzi a mvula pamwamba pake, pafupi ndi chitsekero. Chigubu chisiyeni chikhazikike theka la ola musanathire, thirani pa fanulo yokhala ndi nsalu yothina, ndipo kapu yomaliza ya pansi isalowe m'thanki. Ngati mukukayika kuti muli palafini, dontheza pang'ono papepala loyera: petulo weniweni amauma msanga osasiya banga, wa palafini amasiya banga lamafuta. Wotereyu amavutitsa poliza m'mawa, amatulutsa utsi, ndipo injini imagogoda pokwera.

Dzimbiri lofiirira m'kambale, kwadi ili ndi thanki yapulasitiki, ndiye kuti lachokera kudiramu. Kutsuka kabuleta osayang'ana diramulo n'kudzabwereza ntchito sabata yamawa.

Mkati mwa kabuleta

Mukatsimikiza kuti petulo ndi woyera ndipo akufika wokwanira, apo ndiye masulani kabuleta. Musanamasule, funsani kuti imazima moto uli pati, chifukwa kabuleta ili ndi njira zitatu zimene zimalandirana. Paidulo mpaka kota ya moto imagwira ndi jeti yaing'ono. Kuchoka pakota mpaka makota atatu imagwira singano yaitali ya pakati. Kumtunda konse imagwira jeti yaikulu.

Kwadi imene imalira choko (chowonjezera petulo poliza injini yozizira) chili chokoka, mukachibweza n'kuzima, kapena imene imazima mukangosiya moto pokhota, pafupifupi nthawi zonse ndi jeti yaing'ono. Kabowo kake sikafika theka la milimita. Petulo akakhala m'kambale mwezi umodzi kapena iwiri, mbali yake yopepuka imauluka n'kusiya utomoni wachikasu kapena wobiriwira, ndipo kabowo kameneka ndiko kamayamba kutsekeka. Petulo wotere amadziwika ndi fungo, amanunkha ngati vanishi.

Timasikuluwu ta kambale pa makabuleta a ku Japan timaoneka ngati ta sitala wamba koma mutu wake ndi wosiyana pang'ono, ndipo timabudulidwa msanga. Sankhani sikuludiraiva yokhala bwino, muigogode pang'ono, mukanikize mwamphamvu musanapotoze. Jeti yaing'ono ili m'kadzenje kopapatiza pambali pa yaikulu. Imasuleni, muiyang'ane moloza dzuwa: kuwala kuoneke kobulungira bwino, ndipo timabowo ta m'mbali mwake tikhale totseguka. Iviikeni mu mankhwala otsukira kabuleta, muipemerere ndi mpweya wa kompuresa. Ikakanika, gwiritsani kachingwe kamodzi kakopa kochokera mu waya wamagetsi, kamene n'kofewa kuposa jetiyo. Singano yosokera kapena waya wachitsulo amakuza bowo, ndipo jeti yokula sibwereranso. Kwadi idzalira, inde, koma idzadya petulo ndi kudetsa pulagi mpaka mutagula jeti ina.

Jeti yokha sikwanira. Kuchoka pa jetiyo pali kanjira kobisika m'thupi la kabuleta kokatulukira pa timabowo tating'ono pakhosi, pafupi ndi chitseko cha moto. Poperani mankhwala m'dzenje la jeti muone ngati akutulukira pa timabowoto, maso anu ali kutali. Pa kanjira komweko pali sikuluwu ya mikisicha, yosinthira kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya paidulo. Musanaichotse, ipotozeni mofatsa kulowa mkati mpaka itangogunda, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, ndipo mulembe. Nthawi zambiri imakhala pakati pa kamodzi ndi theka ndi kawiri ndi theka. Mukaimanga mwamphamvu nsonga yake imathyokera mkati. Potuluka imabwera ndi sipuling'i, kawashala ndi kalabala kozungulira, ndipo tiwiri tomalizati timakonda kutsalira m'dzenje kapena kugwera pansi osaoneka. Gwirirani ntchito pa thireyi kapena pansalu yoyera, osati pa dothi.

Imene imalira bwino paidulo koma mukaipatsa moto n'kuti bwoo ngati ikumira, onani jeti yaikulu, kenako tsegulani chivundikiro cha pamwamba pa kabuleta. Makwadi ambiri a 250cc kupita m'mwamba ali ndi dayafulamu yalabala imene imanyamula silaidi (kachitseko kokwera ndi kutsika pakhosi pa kabuleta) ndi singano pogwiritsa mpweya woyamwidwa. Itambasuleni mofatsa moloza kuwala. Kabowo konga ka singano n'kokwanira kuti silaidi isakwere, ndipo kwadi imangofika liwiro la theka. Dayafulamu isakhudzane ndi mankhwala otsukira, amaifufumitsa. Pobwezera, mkombero wake ukhale bwino m'ngalande yake, apo ayi mwapanga vuto limene kunalibe. Kabuleta yamtundu umenewu imafunanso bokosi la sefa ya mpweya likhale lotseka. Ena amayesa kwadi chivundikiro cha bokosilo chili pambali, ikamatsamwa n'kuyambanso kumasula kabuleta yabwinobwino.

Fuloti ndi kasingano kake ndizo zimasunga mlingo wa petulo m'kambale, ngati mmene chimachitira chibulumwa cha m'thanki ya chimbudzi chamadzi. Kasingano kakamatirira chotseka, kambale sikadzaza, ndipo kugogoda kambale ndi chogwirira cha sikuludiraiva kumatha kukamasula kwakanthawi. Pa makabuleta ena pamwamba pa mpando wa kasinganoko pamakhalanso kasefa kakang'ono kamene ambiri sakadziwa. Mlingo mungauone osamasula chilichonse: lumikizani kapayipi koonekera mkati pa kotulutsira kaja, kaimikeni mopindira m'mwamba pambali pa kabuleta, kwadi ili pamalo osendeza bwino, masulani kasikuluwu tapu ili yotsegula. Petulo adzakwera m'kapayipiko kufika pa mlingo wa mkati, umene pa makabuleta ambiri umakhala pafupi ndi mzere wolumikizira kambale ndi thupi, kusiyana mamilimita ochepa malinga ndi mtundu wake. Mlingo wotsika umazimitsa pokwera, wokwera umazimitsa potsetsereka ndi pomanga mabuleki mwadzidzidzi.

Pakati pa kabuleta ndi injini pali labala wokhuthala, amakaniko amati manifodi. Akakalamba amang'ambika m'mapindiko, nthawi zambiri kunsi kumene diso silifika, n'kumalowetsa mpweya wosawerengedwa. Zizindikiro zake zimafanana ndi za jeti yaing'ono, kuwonjezapo kuti mukasiya moto injini imachedwa kutsika ndipo ekisozi imaphulikaphulika. Injini ikulira paidulo, poperani madzi pang'ono pa labalayo kapena gwedezani kabuleta ndi dzanja. Kulira kukasintha, mng'alu ulipo.

Petulo akachuluka

Si kuzima konse kumene kuli kwa njala. Utsi wakuda, fungo la petulo, pulagi yamwaye ndi kwadi imene imalira bwino ili yozizira koma ikatentha n'kumazima paidulo, zikusonyeza kuti ikumwa mopyola. Yambani ndi sefa ya mpweya, imene m'fumbi la Seputembala ndi Okutobala imatha kutsekeka m'masiku ochepa. Yasiponji ichapidwe, iume, ipakidwe oyilo wake n'kufinyidwa mpaka isamadonthe. Yonyowa oyilo kwambiri imatsamwitsa ngati yafumbi. Onaninso kebulo ya choko: ikachita dzimbiri, chogwirira chimabwerera koma kapisitoni ka mu kabuleta kamatsala chotsegula.

Petulo akamadontha pa kapayipi ka pansi pa kabuleta, kasingano ka fuloti sikakutseka. Mwina pali kanyalala pampando, mwina nsonga yake yalabala yadyeka mzere wozungulira, mwina fuloti yabooka n'kulowa petulo, zimene mungamve poigwedeza pafupi ndi khutu. Zikatere solani dipisitiki. Oyilo akakwera kuposa mlingo wake ndi kununkha petulo, ndiye kuti petulo watsikira mu injini usiku, ndipo oyiloyo asinthidwe kwadi isanayendenso. Kutseka tapu madzulo aliwonse kumapewa kuti petulo atsikire mu injini usiku.

Madera ambiri a Thyolo ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pomwe mpweya ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 poyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere. Kwadi ya kabuleta yochokera kumalo otsika ngati Durban imatha kudetsa pulagi pang'ono ikafika kuno. Kusiyana kumeneku pakokha sikuzimitsa injini, koma kukaphatikizana ndi sefa yafumbi kumafulumizitsa vuto.

Makwadi a injekita

Honda TRX420 ndi Yamaha Grizzly 700, amene anayamba kutuluka cha mu 2007, ndi ena ambiri atsopano, alibe kabuleta kapena choko. Ali ndi pampu yamagetsi, injekita yopopera petulo mu injini, ndi kakompyuta. Zonse zimene tanena za chivundikiro, madzi ndi petulo wakale zimawakhudza chimodzimodzi, koma kuyesa kwake n'kwina.

Tsegulani kiyi osaliza, khutu lili pafupi ndi thanki. Pampu iyenera kulira zzz masekondi awiri kapena atatu n'kusiya. Ikapanda kumveka, onani switchi yofiira ya pachiwongolero, fyuzi, rileyi ndi pulagi ya mawaya a pampu, imene matope ndi madzi otsukira amaichititsa dzimbiri lobiriwira. Batire likhale pa mavoti 12.5 kapena kuposa injini ili chozima, ndi pakati pa 13.5 ndi 14.5 ikulira. Kwadi ya kabuleta imatha kuyenda ndi batire lofooka, koma ya injekita ayi: mavoti akatsika pampu imafooka, ndipo chimene chikuoneka ngati vuto la petulo chimakhala regyuleta ya chaji. Ngati magetsi akufika pa pulagi ya pampu koma iyo ili duu, yafa.

Kumveka kwa pampu sikutanthauza kuti ikukankha mokwanira. Pamafunika geji yoyezera presha, mphamvu imene pampu ikukankhira petulo. Makwadi ambiri amafuna pakati pa 2.5 ndi 4 bar, ndipo nambala yeniyeni ili m'buku la mtundu wa kwadiyo. Musanazule payipi, chotsani pulagi ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha, ndipo kulungani nsanza polumikizirapo, chifukwa petulo wotsala amathovokera kumaso. Werengani geji katatu: kiyi atangotsegulidwa, paidulo, ndi pomwe mukuipatsa moto mwamphamvu. Muvi ukamagwa popatsa moto, kasefa konga sokosi ka pansi pa pampu katsekeka kapena pampu yatopa. Ukagwa msangamsanga mutangozimitsa, pena pakudontha mkati: injekita, regyuleta ya presha, kapena kapayipi ka m'thanki.

Pampu imene imagwira bwino ili yozizira n'kufooka pakatha theka la ola ndiyo imavuta kuigwira, ndiye gejiyo ikhalebe pomwepo mpaka injini itenthe. Pampu za m'thanki zimazizira ndi petulo amene zamizidwamo. Chizolowezi chothira malita awiriawiri chimaziotcha pang'onopang'ono, komanso pachitunda petulo wochepayo amathawira mbali imodzi, pampu n'kuyamwa mpweya. Kasefa kapulasitiki ka njinga za kabaza ndi payipi wamba zisayikidwe pa mzere wa presha, zimaphulika, ndipo pansi pake pali injini yotentha.

Presha ikakhala bwino, m'pamene mufike pa injekita. Gunditsani nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injekita, chogwirira chili pakhutu, wina akuliza sitata: muyenera kumva ti-ti-ti. Pa mita yoyezera magetsi, ma injekita ambiri a makina amenewa amawerenga pakati pa maomu 10 ndi 16. Yotsekeka pang'ono imaombabe koma m'malo mwa nkhungu yosalala imatulutsa madontho, ndipo kwadi imavuta paidulo. Kwadi ya injekita imene imangozima mukasiya moto, koma kumtunda ili ndi mphamvu zonse, nthawi zambiri imangofuna kupukuta mwaye pakhosi pa chitseko cha mpweya ndi pa kavavu ka aidulo. Nyali ya injini ikamaphethira, werengani kuti ikuphethira kangati motalika ndi kangati mofupika musanachotse batire, chifukwa ndiyo nambala ya vuto.

Makwadi ambiri a injekita alinso ndi sensa yozindikira kuti makina agubuduzika, imene imadula pampu ndi sipaki. Ikamasuka pa bulaketi yake, kapena wina akaibwezera chozondoka atachotsa mapulasitiki, imazimitsa kwadi pamabampu ndi popendekera m'mizere ya tiyi ya m'mphepete mwa phiri. Imadziwika chifukwa imadula kamodzin'kamodzi popanda kukhosomola, ndipo injini siliranso mpaka mutatseka kiyi n'kutsegulanso. Ili ndi muvi kapena mawu akuti UP osonyeza mbali yoyang'ana kumwamba, ndipo timabawuti take tonse tiwiri tikhale tomanga.